Mzere wa Pansalu ya a Nakhumwa

Izi sindinachite kumva kwa munthu. Ndinalipo, ndipo maina ndinkalemba ndine.

Chinali chaka chimene napolo anatsika m'phiri la kwathu n'kukwirira mudzi wa Namphwanya. Mvula inagwa masiku anayi osapuma, ndipo tsiku lachinayilo phiri linang'ambika. Madzi, matope ndi miyala ikuluikulu ngati nyumba zinadutsa pakati pa mudzi. Pamene mvula inkakata, pamalo pamene panali nyumba, makola ndi mitengo ya mango panangotsala chigwa cha matope ofiira. Opulumuka anawasonkhanitsa pasukulu imene ine ndinkaphunzitsa. Ana tinawauza ayambe akhala, ndipo makalasi anasanduka nyumba zogona.

Patatha sabata ziwiri, a bungwe lina lothandiza anati anthu onse ajambulidwe kuti awapangire makadi olandirira chakudya ndi zofunda, popeza ziphaso zinapita ndi madzi. Ntchito yojambulayo anaipereka kwa a Rabisoni Nakhumwa, amene anali ndi kanyumba kojambulira zithunzi kumsika. Ine anandipempha kuti ndizikhala patebulo pafupi ndi khomo, ndizilemba dzina la aliyense wolowa, chifukwa anthu a m'midzi imeneyo ndinkawadziwa kudzera mwa ana awo.

A Nakhumwa nawonso anali a ku Namphwanya. Tsiku la napolo anagona kumsika chifukwa mtsinje unadzaza, ndipo akazi awo, mayi Elube, anali okha kunyumba. Ana analibe. Anakhala awiriwiri zaka makumi awiri ndi zisanu. Mayiwo sanapezeke pakati pa amoyo, sanapezekenso pakati pa amene ankafukulidwa. Koma kunkamveka mphekesera yakuti anthu ena madzi anawakokolola mpaka kutsidya kwa malire, ku Mozambiki, ndipo anawatola ali moyo, ali m'chipatala china chakutali, osatha kulankhula. A Nakhumwa anaikakamira mphekesera imeneyo. Munthu akawapepesa ankakwiya. Ankati maliro sanachitike, nanga mukupepesa chiyani.

Anatipatsa kalasi ya Sitandade Faifi. Pabolodi a Nakhumwa anakhomapo nsalu yabuluu yofwifwa, yoti anthu aziima patsogolo pake. Kamera yawo ankaiika pa choimikira cha miyendo itatu, chimene iwo ankangochitchula kuti miyendo. Zithunzi za pamakadi zinkafunika zoimirira, munthu aoneke kuyambira kumutu mpaka m'chiuno, choncho kamera sinkayenera kugona chopingasa monga imakhalira nthawi zonse. Ndinkawaonerera m'mawa uliwonse. Ankatambasula miyendo ija, n'kumanga kamera pa kambale ka pamwamba ndi sikuluwu, pakati ataikapo kachidutswa ka chubu cha njinga kuti isaterereke. Kenako ankamasula chomangira cha m'mbali n'kupendeketsa mutu wonsewo mpaka kamera itaima chilili. Ikatero imalemera mbali imodzi, ndiye ankatembenuza miyendoyo kuti umodzi ukhale pansi penipeni pa kulemerako, n'kupachika pakati kathumba ka mchenga. Akatha ankasuzumira pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera, kuona ngati zonse zawongoka. Ankachita zimenezi mwakachetechete, mosathamanga, ngati munthu woopa kuti akamaliza ayamba kuganiza.

Masiku awiri oyamba panalibe chachilendo. Anthu ankalowa, kutchula dzina, kuima pansalu, kutuluka. Palibe amene ankamwetulira, ndipo a Nakhumwa sankawapempha kutero.

Tsiku lachitatu m'mawa tinapeza nsalu ija itanyowa. Denga silinkadontha, ndipo mvula inali isanagwenso. Kunyowako kunali pakati pokha, kuchokera pansi mpaka pofika m'mapewa mwa munthu wamkulu, ngati wina anatsamirapo atangotuluka m'madzi. A Nakhumwa anaifinya, anaiyanika pawindo, ndipo tinayamba ntchito mochedwa. M'kalasimo munalinso fungo la dothi longofukulidwa kumene. Koma masiku amenewo fungolo linali paliponse, m'zovala, m'tsitsi, ngakhale m'madzi akumwa, ndiye sindinalabadire.

Cha m'ma folo koloko madzulo mzere unatha. Ndinkatseka buku langa pamene ndinamva a Nakhumwa akunena kuti, "Sunthirani pang'ono kumanja. Dzutsani chibwano."

Ndinadzutsa mutu. Pansalu panalibe munthu. Iwo maso ali pakagalasi anadina kabatani, n'kundifunsa dzina la bambo ameneyo. Ndinati bambo wake uti. Anayang'ana pamwamba pa kamera, anaona nsalu yokhayokha, anabwezanso maso pakagalasi. Kenako anandikodola.

Chithunzicho ndinachiona. Sindinganene kuti ndinaona nkhope, chifukwa pankhopepo panali ngati ukuyang'ana munthu pawindo limene mvula ikuyenderera. Koma phewa lakumanzere linali lotsika, ndipo m'khosi munali kachingwe ka wezulo. Mudzi wonse wa Namphwanya unali ndi munthu mmodzi yekha woyenda ndi wezulo m'khosi, a Mulelemba, amene ankaimbira mpira Lamlungu lililonse. Dzina lawo linali papepala la osowa limene linamatidwa pachitseko cha ofesi ya ahedi.

Tinagwirizana zosauza munthu. A Nakhumwa anati mwina kamera yalowa chinyontho ndipo ikusakaniza ndi zithunzi zakale, poti a Mulelemba anawajambulapo kambirimbiri. Ndinavomera chifukwa ndinkafuna kuti zikhale choncho.

M'mawa mwake isanakwane naini, asilikali amene ankakumba m'matope ndi agalu awo anawapeza a Mulelemba pansi pa mwala, pamalo pamene anali atadutsapo kale katatu. Titamva, a Nakhumwa anayatsa kamera kufuna chithunzi chija. Panali nsalu yokha, ndi banga lakuda pakati.

Tsiku limenelo mzere utatha a Nakhumwa sanapinde miyendo ya kamera ija. Anayamba aigoneka kamera chopingasa, tinayang'ana tonse awiri. Tinaona nsalu, bolodi, mulu wa madesiki pakona, basi. Kenako anamasula chomangira, anaipendeketsa pang'onopang'ono mpaka inaima. Asanalimbitse n'komwe, ndinamva pakhomo kaphokoso ngati ka phazi likuzuka m'thope. Kenako phazi lina. Mapaziwo anadutsa pafupi ndi tebulo langa, ndipo tsamba la buku linazizira pansi pa chikhatho changa. Pasimenti sindinaone kanthu. Pakagalasi panali mayi wobereka mwana, ataima cham'mbali pang'ono monga amachitira amayi akafuna kuti mwana naye aoneke.

A Nakhumwa anatembenukira kwa ine. Anandifunsa chapansipansi ngati adine. Ndinati sindikudziwa. Anadina. Mapazi aja anatuluka, ndipo pakhomo anadutsana ndi ena olowa. Madzulo amenewo anajambula anayi, kenako kuwala kunachepa ndipo kunati zii. Mawa lake asilikali anafukula anayi, ndi mwana wachisanu ali kumsana kwa mayi ake.

Nkhaniyo sinabisike, ndipo amene anaulula ndine. Ndinauza mayi Namame. Mayi amenewa anali atasowa mwana wawo wamkazi, Edina, mtsikana wa Fomu Thuu amene ndinamuphunzitsapo ali wamng'ono. M'mawa uliwonse ankapita kokumbako, n'kubwerako madzulo manja ali matuza okhaokha, osalawa kanthu. Ndinawauza pofuna kuwatonthoza, kuti mwina pali njira yoti mwana wawo apezeke.

Pofika Lachisanu, madzulo alionse kunja kwa kalasi kunkakhala anthu atatsamira khoma, osalowa. Palibe amene ankaimba, palibe amene ankapemphera mokweza. Pakhomo ankasiya mpata waukulu woti munthu adutse osakhudzana ndi wina. A Nakhumwa akadina, ine ndinkasuzumira pakagalasi n'kutuluka kukanena zimene ndaona. Nthawi zina chinali chitenje chobiriwira cha kumpingo, nthawi zina dzanja lopanda chala chimodzi, kapena munthu wamtali wovala chipewa chaubweya. Ndikatero wina pakhomapo ankayamba kulira, ndipo anzake ankamudzutsa n'kupita naye kukakonzekera maliro. Anthuwo ankalira, inde, koma kunali kulira kwa munthu amene watula katundu. Abusa ena anabwera kudzatiletsa. Anaima pakhomo, anamvetsera mapazi aja akudutsa pafupi ndi nsapato zawo, ndipo anabwerera osatiletsa. Mlongo wawo anali asanapezeke.

Alendo athuwo sankabwera m'mawa kapena masana. Ankayamba dzuwa likapendeka, ndipo kukangoyamba kuda ankaleka. Patsiku ankajambulidwa anayi, asanu, akachulukitsa asanu ndi mmodzi. Papepala la kuofesi lija panali patatsala maina opitirira makumi anayi, ndipo asilikali anali atanena kale kuti Lachinayi la sabata yotsatira anyamuka, chifukwa makina awo ankafunikanso kwina.

Mayi Namame ankandigwira mkono madzulo alionse ndikamatseka chitseko, kufunsa ngati Edina waoneka. Ndinkati ayi. Ankati palibe kanthu, mwana uja ndi waulemu, akuyamba wapereka mpata kwa akuluakulu.

A Nakhumwa ankaonda tikuwaona. Tsiku lina anandiuza kuti akamaimika kamera madzulo amapempha chinthu chimodzi chokha kwa Mulungu, kuti pansalupo pasaime munthu amene akumuganizira. Tsiku lililonse limene mayi Elube sanabwere linkawalimbitsa mtima kuti ali moyo kutsidya kuja. Anali atalankhula kale ndi munthu wa njinga yamoto kuti ntchitoyi ikatha awaperekeze kukafufuza m'zipatala za kumeneko.

Lolemba kunachita mitambo. Woyamba kujambulidwa anali nkhalamba yandodo, ndipo ndinatuluka kukanena. Ndikubwerera patebulo, mapazi achiwiri anandidutsa. Anali opepuka, oyenda mofulumira pang'ono. Ndinaona msana wa a Nakhumwa ukuuma. Sanati sunthirani, sanati dzutsani chibwano. Chala chawo chinachoka pakabatani, dzanja linagwa m'mbali.

Ndinapita kukaona. Anali mayi wamfupi, duku atamangira kutsogolo, dzanja limodzi ataphimba pakamwa ngati wamanyazi. Ndinawadziwa. Tinkaimba kwaya limodzi, ndipo ankaima chomwecho akauzidwa kuti ayambitse nyimbo.

"A Elube," anatero a Nakhumwa. "Mwabwera."

Ndinadikira pang'ono, kenako ndinawauza kuti adine. Anapukusa mutu. Anati akadina, mayiwo achoka. Ndinati mukadina, mawa apezeka, muwaika m'manda ngati munthu, mudzakhala ndi poti muzipita kukalambula. Anati zonsezo akuzidziwa, ndingowapatsa kamphindi.

Anakoka desiki n'kukhalapo, nkhope ili pafupi ndi kagalasi. Anayamba kulankhula nawo, zinthu wamba. Anawauza kuti tsiku lija mtsinje unadzaza ndipo anayesa kuwoloka kawiri, kachiwiriko madzi anawafika pachifuwa. Anawauza kuti mbuzi yawo yamawanga inapezeka yamoyo, ili kwa achimwene. Anati jekete limene mayiwo anawauza kuti atenge analisiya pampando, ndipo anazizidwa monga momwe iwo ananenera. Kenako anafunsa ngati zinawapweteka, ngati anawaitana. Mayiwo sanasunthe. Kumbuyo kwawo nsalu inkada pang'onopang'ono, ndipo madzi anayamba kudontha kuchokera m'mphepete mwake kugwera pasimenti.

Pakhomo mapazi anayamba kupondaponda, monga amachitira anthu pamzere akatopa kuima, kusintha mwendo uwu kupita mwendo uwo. Poyamba anali ochepa. Kenako phokosolo linamveka mpaka pakhonde, mpaka pabwalo. M'kalasimo munazizira moti mano anga ankagundana.

Anthu a pakhoma anayamba kufunsana chimene chachitika. Ndinatuluka, ndikudutsa cham'mbali mwa chitseko, ndipo ndinawauza zoona. Panalibe amene sanamvetse. Koma mitambo inali yakuda, ndipo kuwala kunkachepa msanga kuposa masiku ena. Patapita nthawi mayi Namame anadzuka, anagwada pambali pa khomo, osalowa.

"Bambo Nakhumwa, ndapota nanu," anatero. "Ena akudikira."

"Ndamva, mayi," anayankha osatembenuka. "Pang'ono pokha."

Anapitiriza kulankhula, koma tsopano motsitsa kwambiri, moti sindinkamva mawu. Ndinaima kumbuyo kwawo. Ndikanatha kutambasula dzanja n'kudina ndekha, kabataniko kanali pafupi, ndipo maganizo amenewo anandibwerera. Sindinachite. Ndinkaona misozi ikutsikira m'ndevu zawo, ndipo dzanja langa linakana.

Pakona ya kagalasi panayamba kuphethira kachizindikiro kofiira. Ndinawauza kuti batire ikutha. Anati akuona. Ndinati inayo ili kuti, anati ikutchajidwa pa magetsi a dzuwa kunyumba kwa ahedi. Ndinawapempha kuti ayambe adina ndiye ndikatenge. Anakweza dzanja, anaika chala pakabatani. Ndinachiona chalacho chitakhala pamenepo. Anati, "A Elube, chotsani dzanja pakamwa, ndikuoneni bwino." Anadikira.

Kagalasi kanazima.

Sindinathamange nthawi yomweyo kukatenga batire inayo. M'kalasimo munati zii, kudontha kwa madzi kokha. Kenako mapazi opepuka aja anachoka pansalu. Sanafulumire ngati polowa. Anadutsa pafupi ndi desiki ya a Nakhumwa, anaima pang'ono, anapitirira. Atafika pakhomo, ena onse aja anatembenuka. Tinawamva akutsika pakhonde, akudutsa pabwalo la sukulu, ambirimbiri, kulowera kumene kuli phiri. Anthu a pakhoma anapinda miyendo yawo kuti asapondedwe. Tinamvetsera mpaka phokosolo linasakanikirana ndi mphepo.

Pamenepo m'pamene ndinathamangira kwa ahedi. Nditabwera nayo batire, a Nakhumwa anaiika m'kamera. Anayatsa. Panali nsalu yonyowa basi.

Lachiwiri a Nakhumwa anafika kusanache bwino. Anaimika kamera, anaiwongola, anaimasula, anaiimikanso. Tsiku lonse sanachoke pambali pake. Dzuwa linapendeka, anthu anakhala pakhoma monga mwa masiku onse, mpata uja atausiya. Palibe amene anabwera. Okumba anapeza nkhalamba yandodo ija m'mawa, ndipo pambuyo pake sanapezenso wina. Lachitatu zinali chimodzimodzi. A Nakhumwa anayesa kusuntha miyendo, kuifupikitsa, kuitalikitsa. Anafika poima pakhomo n'kumaitana chapansipansi kuti bwerani, ndakonzeka, sindichedwanso. Pofika madzulo nsalu inali itauma gwa, ndipo anthu a pakhoma anayamba kuchoka mmodzimmodzi, osayang'ana m'kalasimo.

Lachinayi asilikali anakweza makina awo ndi agalu awo n'kupita. Abusa a mipingo yonse ndi ashehe anasonkhana m'mphepete mwa matope aja, anapemphera, ndipo ahedi anawerenga maina amene anatsala papepala. Analipo makumi atatu ndi limodzi. Atsogoleriwo anati malo onsewo akhale manda awo.

Madzulo a tsiku limenelo ndinali m'kalasi ndi a Nakhumwa, iwo akuchotsa nsalu pabolodi. Mayi Namame analowa. Kanali koyamba kuti aponde m'kalasimo chiwajambulire. Ndinaopa kuti awatukwana, koma anawapatsa moni bwinobwino, n'kukhala pansi pafupi ndi khomo. Anati abwera kudzafunsa chinthu chimodzi chokha, ndipo akufuna zoona. Anafunsa ngati Lolemba lija, nthawi yonse imene ankayang'ana pakagalasi, anaonako wina aliyense kupatula akazi awo.

A Nakhumwa akanatha kunama. Chithunzi choimirira n'chopapatiza, mumalowa munthu mmodzi, ndipo ine amene ndinali kumbuyo kwawo sindinaone wina. A Nakhumwa anaika nsalu ija padesiki.

"M'mphepete, kumanja, munkaoneka mkono wa wotsatira," anatero. "Unali wa juzi ya sukulu."

Mayi Namame anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanalire.

"Ndiye mwana wanga anabwera," anatero. "Anaima pamzere."

Anadzuka, anakonza chitenje chawo, anatuluka.

A Nakhumwa sanatsegulenso kanyumba kawo ka kumsika. Anapita kukakhala kwa achimwene awo, ndipo masiku ano amalima nandolo m'munda wa eni. Mayi Namame anapatsidwa malo kumtunda, pamodzi ndi ena opulumuka. Awiriwa amapemphera tchalitchi chimodzi mpaka lero. Akakumana panjira amaima, amapatsana moni mwaulemu, ndipo palibe amene amafunsa mnzake za kunyumba.